Lucinda ndi Chitini cha Dothi la ku Dedza

Lucinda anabadwira ku Mufakose muno mu Harare, m'nyumba yomwe akukhalamo mpaka lero ndi bambo ake. Ine ndi mayi anga timachita lendi zipinda za kuseri kwa nyumbayo, ndipo tebulo langa la tomato ndi masamba lili pageti pawo. Aliyense wolowa ndi wotuluka amadutsa pamaso panga. Ndimamuitana kuti sisi Lucinda, monga timaitanira wotiposa msinkhu kuno, ngakhale kuti si m'bale wanga.

Amaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Glen Norah. Ndi wamfupi, amayenda mofulumira ngati kombi, minibasi ya kuno, ikumusiya, ndipo nsapato zake zonse zimathera mbali imodzi. Sanakwatiwe. Azimayi a mumsewu mwathu anasiya kumufunsa za zimenezi kuyambira tsiku limene anawayankha kuti akudikira mwamuna amene ali ndi mjigo wakewake pakhomo. Poti tonse timadziwa mzere wa pamjigo mmene umakhalira, anamumvetsa.

Mliri wa korona utazizira, analembetsa ku yunivesite kuti achite digiri yachiwiri, imene amati masitazi. Ankapita Loweruka ndi nthawi ya holide. Maphunziro ake anali okhudza nkhondo, malire a mayiko, ndi mmene anthu amadzitchulira kuti ife ndife akuti. Mumsewu anangoifupikitsa, ankati digiri ya nkhondo. Mayi wina akugula anyezi anamuuza kuti akamaliza adzayambe ndi nkhondo ya pamjigo, chifukwa imeneyo ndiyo ikupha anthu. Lucinda anayankha kuti imeneyo ikufunika digiri yachitatu.

Bambo ake ndi Bambo Cornélio. Anagwira ntchito pa fakitale ya mipando ku Willowvale mpaka itatsekedwa, ndipo tsopano amakonza masofa a anthu pakhonde. Akazi awo, Mayi Eneles, anamwalira Lucinda ali ku koleji, ndipo anagona ku manda a ku Mbudzi.

Kuno kuli bungwe la maliro la anthu a ku Dedza, limene timangoti sosaite. Linayambitsidwa ndi agogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito kalekale. Lamulo lake loyamba n'lakuti wolowa akhale wa ku Dedza, kapena mwana kaya mdzukulu wa munthu wa ku Dedza. M'sosaitemo akuluakulu saitanana mayina. Munthu amaitanidwa ndi mudzi wake. Bambo anga anali a kwa Kapichi, ndipo Bambo Cornélio anali a kwa Chimkwita.

Sosaite ili ndi chitini, chakale cha mabisiketi, chodzaza dothi lofiira la ku Dedza. Aliyense wopita kumudzi pa basi amabwerako ndi kathumba kowonjezera. Pa maliro, bokosi likatsitsidwa, adzukulu asanayambe kukwirira, wosunga chitini amatchula mudzi wa malemu mokweza, n'kuponya dothi lodzaza dzanja pabokosipo. Chiyambire kuzindikira kwanga, wosunga chitini anali Bambo Cornélio. Chinkakhala pamwamba pa wodirobu yawo. Ndi iwo anaponya dothi pa bokosi la bambo anga, ndi iwonso anaponya pa la akazi awo. Ankanena kawirikawiri, osati modandaula, kuti tsiku lawo likadzafika safuna bokosi lodula kapena kwaya yaikulu. Ankafuna dothi lomwe lija linagwera pa Mayi Eneles.

Chimene ambiri sitinkadziwa, ngakhale Lucinda yemwe, n'chakuti Bambo Cornélio sanabadwire ku Dedza. Dzina lawo silinkadabwitsa munthu, poti mayina otere alipo kwa Akatolika a m'malire.

Chaka chachiwiri Lucinda anayamba kafukufuku. Ankafuna anthu a ku Tete amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique n'kudzakhazikika mu Harare. Ankapita ku Warren Park, ku Glen Norah ndi muno mu Mufakose, foni yojambulira mawu ili m'chikwama. Ambiri ankakana. Ena ankamulandira bwino, kumuphikira tiyi, n'kumufotokozera za miyendo yawo yotupa ndi ana awo a ku Joni mpaka dzuwa kupendeka, osatchula nkhondo ngakhale kamodzi. Mayi wina wogulitsa kaunjika anavomera, koma anati alankhula ali pantchito, moti mawu ake onse anajambulidwa pamodzi ndi mitengo ya masiketi. Bambo Cornélio ntchitoyi sinkawasangalatsa. Ankati anthu anabwera kuno kudzapuma, osati kudzafunsidwa mayeso.

Loweruka lina masana Lucinda anakhala pazenera akumvetsera zimene anajambula n'kumazilemba. Anali mawu a mkulu wina wa ku Warren Park, akufotokoza njira imene anathawira kuchoka ku Angónia, dera la ku Tete lochita malire ndi Dedza, pansi pa phiri la Domwe. Mkuluyo anati anawoloka mtsinje asanafike pamsika. Bambo Cornélio anali pakhonde, timisomali tili kukamwa. Anatilavulira m'dzanja.

"Ameneyo wasokoneza. Msika umayamba, mtsinje uli kutsogolo."

Lucinda anazimitsa foni. Anawafunsa kuti akudziwa bwanji. Iwo anabwezera timisomali kukamwa n'kupitiriza kukhoma.

Sabata yotsatira anamuitana okha, namuuza kuti abwere ndi foni yake ija. Ine ndinali nditathawitsira tomato pamthunzi wa khonde, ndikusankha woola. Sanandithamangitse. Anthu amaiwala kuti ndilipo.

Anafotokoza mosathamanga, maso ali pa sofa. Anabadwira mbali ya ku Mozambique, m'mudzi wa pansi pa phiri lomwelo. Anthu a mfuti anafika m'mawa iwo ali kudimba. Anatentha nyumba, natenga anyamata oti akawasenzere katundu, ndipo mng'ono wawo Ângelo anapita nawo limodzi. Lucinda anafunsa kuti asilikaliwo anali a mbali iti. Anayankha kuti m'mawa umenewo panalibe amene anafunsa. Anathawa ndi mayi awo, koma mayiwo anali odwala kale, ndipo anawaika m'njira, pamanda a anthu osawadziwa. Atawoloka msewu umene uli malire, anafika m'mudzi wa Chimkwita, mbali ya ku Dedza. Chiyankhulo chinali chomwechi, nyimbo za kutchalitchi zomwezo. Banja lina linawapatsa khitchini kuti azigonamo, ndipo patapita nthawi anakwatira mwana wa m'banjamo, Eneles. Malume ake a Eneles ankagwira ntchito kuno. Ndi iwo anawaitanitsa, ndi iwonso anawatengera ku sosaite n'kunena kuti uyu ndi wa kwa Chimkwita.

"Sindinatsutse," anatero Bambo Cornélio. "Ndinali nditatopa kukhala wothawa. Ndinkafuna kukhala wakwinakwake."

Pomaliza anamuuza kuti alembe zonse ngati akufuna, koma dzina lawo lisaoneke. Lucinda anati limenelo ndi lamulo la yunivesite lomwe, aliyense amapatsidwa dzina lina. Limene Lucinda anawapatsa linali lakuti Dário. Iwo anaseka, n'kunena kuti kwawo Dário anali wakuba nkhuku, koma palibe kanthu.

Pano ndiyenera kunena za Privilege. Ndi mdzukulu wa anthu a ku Dedza, ndipo ali m'sosaite. Amasoka mayunifomu a sukulu. Mwamuna wake Nelio anali wowotcherera mageti, ndipo anabwera kuchokera ku Angónia ali khanda kumsana. Nelio anagundidwa ndi galimoto chaka chimene Lucinda ankayamba maphunziro. Privilege anapempha kuti sosaite imuike mwamuna wake ngati mmodzi wa ife. Akuluakulu anakana, poti si wa ku Dedza. Anthu tinapita kumaliroko monga aneba, koma chitini chinatsala pa wodirobu. Amene anatumidwa kukamuuza Privilege kuti zakanika anali Bambo Cornélio.

Yunivesite inkafuna kuti wofufuza abwerere kwa anthu amene anawafunsa, akawauze zimene wapeza. Lucinda anafuna malo. Sosaite imakumana Lamulungu loyamba la mwezi m'holo ya tchalitchi, ndiye anapempha wapampando, Bambo Alufandika, kuti agwiritse ntchito holoyo msonkhano ukatha, mipando ikadali yoyala. Bambo Alufandika anavomera. Anthu a ku Tete amene anabwera anali ochepa, koma a m'sosaite anatsalira pafupifupi onse, poti anaona makatoni a mabanzi pakhomo. Bambo Cornélio anakhala kutsogolo atavala jekete yawo ya maliro, chipewa chili pabondo.

Lucinda anapachika mapu pakhoma. Analankhula bwino, akusakaniza Chishona ndi Chichewa. Anafotokoza kuti malire a m'deralo anadula pakati pa anthu amodzi, ndi kuti pa nthawi ya nkhondo munthu ankatha kugona ali mlimi n'kudzuka ali wothawa kwawo, chikhalirecho wangowoloka msewu. Anthu ankagwedeza mitu. Kenako anayamba kuwerenga nkhani za anthu mmodzimmodzi. Anafika pa Dário. Anawerenga za dimba, za mng'ono wake, za mayi ake. Ndiye anawerenga kuti Dário anawoloka msewu nafika kwa Chimkwita, nakwatira mwana wa m'nyumba imene inamulandira, kenako nabwera ku Harare.

Mu Harare monse munthu wa kwa Chimkwita ndi mmodzi.

Mitu inatembenuka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Lucinda sanaone, maso ake anali papepala. Ine ndinaona bambo ake akuchotsa chipewa pabondo n'kuchiika pansi pa mpando, kenako n'kuchitolanso.

Atamaliza anafunsa ngati pali mafunso. Privilege anaimirira.

"Funso langa si la kwa aphunzitsi," anatero. "A kwa Chimkwita, tsiku lija munabwera kunyumba kwanga, mtembo wa Nelio uli m'chipinda, kudzandiuza kuti lamulo ndi lamulo. Tsiku limenelo munali ndani? Munali Dário?"

Bambo Alufandika anadzuka, nathokoza aphunzitsi chifukwa cha ntchito yaikulu, nati mabanzi atsala, anthu atengereko ana.

Kuyambira tsikulo Bambo Cornélio anasiya kulankhula ndi mwana wawo. Sanakalipe. Ankangobwera patebulo langa, Lucinda ali chapomwepo, n'kunena kuti, Effie, uwauze aphunzitsi kuti magetsi atha. Lucinda ankayankha kuti, Effie, uwauze kuti ndagula kale. Ine ndinkangoyang'ana tomato.

Madzulo ena Lucinda akuchokera kuntchito anakhala pa kileti yanga, chikwama chili pamiyendo. Sindinamufunse kanthu, anayamba yekha. Anati anasintha dzina, anasintha zaka, anasintha ngakhale ntchito, analemba kuti Dário anali wophika buledi. Midzi anaisiya dala, chifukwa kafukufuku wake ndi wa malo, ndipo aphunzitsi ake ankafuna kuti chilichonse chioneke pamapu. Pakhomo ndi mumsewu bambo ake amaitanidwa m'Chishona kuti sekuru Cornélio, kutanthauza agogo, kapena baba vaLucinda. Ku misonkhano ya sosaite iye sankapita, ndipo pa maliro ankakhala kophika ndi atsikana anzake. Dzina lija analimvapo, koma analimva ngati adiresi.

"Kwa ine Chimkwita unali mudzi wodzaza anthu," anatero. "Ndinabisa dzina limene sagwiritsa ntchito, n'kusiya limene amaitanirana."

Anagula tomato amene sankawafuna n'kulowa.

Pakati pa sabata kunabwera Bambo Alufandika. Ndi okalamba kwambiri, amayenda ndi ndodo ya ambulera yakutha. Anakhala pa sofa yosamalizidwa, masipiring'i ali pamtunda, nafunsa ngati imeneyi ndi ya alendo osafunika. Bambo Cornélio anawabweretsera pilo. Anacheza za shuga ndi mankhwala ake, kenako Bambo Alufandika anafika pa nkhani. Anati iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi, chifukwa analipo tsiku limene malume a Eneles anabwera ndi mnyamata woonda wa makabudula. Ena amene ankadziwa anagona kale ku Mbudzi. Anati akanatha kupita nazo kumanda, koma tsopano zanenedwa m'holo, pamaso pa mkazi wamasiye amene anakanizidwa. Msonkhano wotsatira udzakamba nkhaniyi.

"Mudzabwere nacho chitini," anatero.

"Ndipo za tsiku langa?"

"Zimenezonso tidzakamba. Ine ndili ndi dzanja limodzi lokweza, a kwa Chimkwita."

Atachoka, Lucinda anatuluka m'nyumba. Anali atamva zonse. Anaima pakhonde n'kuwauza bambo ake kuti adzapita kumsonkhanoko yekha. Adzanena kuti Dário ndi munthu wina, wa ku Chitungwiza, amene anamwalira, ndi kuti mudziwo anasokoneza polemba. Mutu wonsewo adzauchotsa m'buku lake, ngakhale zitatanthauza kuyambiranso. Ndinadikira kuti anditume. Sananditume.

"Unawerenga zabodza?"

"Ayi, ababa."

"Ndiye usaike bodza lako pamwamba pa langa. Limodzi lakwana."

Loweruka Privilege anabwera kudzagula repu. Lucinda atamuona pazenera anatuluka ali ndi sopo m'manja, nayamba kupepesa. Privilege anamudula. Anati palibe chopepesa, iye ndiye wathandizidwa. Anasankha masamba ake modekha, n'kundiuza kuti mitolo yanga ikuchepa mwezi ndi mwezi ngati malipiro. Kenako anafunsa Lucinda ngati Nelio alimo m'buku. Lucinda anati ayi, poti anayamba kafukufuku Nelio atapita kale.

"Mumuikemo. Ndi dzina lake lenileni, osati la wakuba nkhuku."

Nkhani ya nkhuku inali itafika kale mumsewu monse, sindikudziwa kuti inadzera kuti. Lucinda anafunsa ngati akufuna kuti bambo ake achotsedwe m'sosaite. Privilege anamanga kaye pulasitiki yake.

"Anandinyamula ndili mwana bambo amenewa, sisi. Sindikufuna kuti aikidwe ngati galu. Ndikufuna kuti amve mmene zimamvekera."

Msonkhano unatenga masana onse. Ndinapita m'malo mwa mayi anga. Bambo Cornélio anaika chitini patebulo n'kukakhala kumbuyo, kumene timakhala achinyamata. Atapatsidwa mpata analankhula mwachidule. Anati zimene anawerenga mwana wawo n'zoona, ndipo tsiku lija kwa Privilege ankadziwa chimene akuchita, anaopa kuti akamulankhulira Nelio anthu ayamba kufunsa chifukwa chake.

Ena anati akazi awo anali a ku Dedza, choncho ndi athu. Ena anayankha kuti Privilege nayenso ndi wa ku Dedza, koma mwamuna wake anakanidwa. Bambo wina anati lamulo lichotsedwe basi, aliyense wolankhula Chichewa azilowa. Anamufunsa ngati chitini chimodzi chingakwanire Angónia yense ndi Ntcheu yomwe. Mayi wina anafuna kudziwa ngati amuna ake, amene anaponyeredwa dothi ndi munthu wa ku Mozambique, anaikidwa bwino kapena ayi. Bambo Alufandika anamuuza kuti mpaka pano amunawo sanabwere kudzadandaula.

Pamapeto anakweza manja. Chitini chinapatsidwa kwa Bambo Maliko a kwa Kapichi. Anagwirizana kuti tsiku la Bambo Cornélio sosaite idzabwera, idzanyamula bokosi ndi kuimba, chifukwa iwo ananyamula ambiri. Koma lamulo likhala mmene lilili, ndipo dothi la m'chitini sadzaponyeredwa. Dzanja la Bambo Alufandika linali mbali yochepa. Privilege sanakweze mbali iliyonse.

Tinabwerera limodzi ndi Bambo Cornélio, iwo patsogolo ine pambuyo. Anali atanyamula pulasitiki imene anatengeramo chitini, ataipinda bwinobwino.

Masabata otsatira ankagwira ntchito monga kale, koma pa maliro awiri amene anachitika sanapite kumanda. Ankakhala panyumba ya siwa ndi okalamba osatha kuyenda. Lucinda anasiya kulemba. Mabuku ake anawaika m'katoni pansi pa bedi, ndipo aphunzitsi ake akamaimba ankatuluka kukayankhira kunja kwa geti, n'kumangoti akudziwa, akudziwa.

Holide ya Ogasiti anali atakonza kale zopita kumalire kukamaliza kafukufuku. Ndinkaganiza kuti sapita. Koma tsiku lina ndinamuona akuchapa chikwama chachikulu. M'mawa wonyamuka, bambo ake anatuluka atavala juzi, namufotokozera kuti akatsike pati, akafunse za mishoni yakale, ndipo kuseri kwake kuli mkuyu waukulu ngati sunadulidwe. Sanamutume kanthu. Anangomuuza kuti kumeneko kumazizira kuposa kuno.

Basi inadzera ku Nyamapanda, n'kuwoloka mlatho wa ku Tete, n'kukwera mapiri mpaka ku Dedza. Atabwerako anandifotokozera kuti malire amene wakhala akuwawerenga m'mabuku anawaona ndi maso. Azimayi ankawoloka ndi madengu a kabichi pamutu, kugula mbali ino, kukagulitsa mbali inayo, popanda wowafunsa. Kwa Chimkwita anapeza abale a mayi ake, amene anamulirira n'kumupatsa nkhuku. Tsidya linalo anapita pa njinga yamoto. Mkuyu unalipo. Mudzi panalibe, panali minda ya mbatatesi ya anthu amene anabwera nkhondo itatha. Za Ângelo palibe ankadziwa.

Anabwera ndi mabotolo awiri a pulasitiki odzaza dothi. Anawaika pa sofa imene bambo ake ankakonza. Onse anali ofiira mofanana, moti anachita kumata kapepala pa lililonse. Anawauza kuti ili ndi la kwa Chimkwita, analitapa yekha kuseri kwa nyumba imene anabadwira mayi ake, ndipo palibe sosaite imene ingamuletse kuliponya. Linalo ndi la pansi pa mkuyu.

Bambo Cornélio anatenga la kwa Chimkwita n'kulizunguza m'manja nthawi yaitali. Kenako anandiitana.

"Effie, ukapereke ili kwa a kwa Kapichi. Chitini chija ndinachisiya chitatsika."

Lucinda anati walinyamulira iwo, osati sosaite. Anayankha kuti akudziwa, ndipo athokoza. Koma dothi lija sankalifuna chifukwa cha kufiira kwake. Ankalifuna chifukwa anthu ankaimirira pamodzi n'kuvomereza kuti uyu ndi wathu. Kuliponya mobera kungakhale kubwereza zomwe zija. Anatsegula botolo lachiwiri, nathira pang'ono m'dzanja, nalifikisa ndi chala. Anati ili ndi la m'dimba, Lucinda watapa chakumunsi. Kenako anafunsa ngati Privilege amapezeka Loweruka.

Privilege poyamba anakana. Anati ali ndi mayunifomu oti amalize sukulu zisanatsegulidwe. Lachisanu anatuma uthenga kuti tikakumane pokwerera makombi.

Tinapita anthu anayi. Ku Mbudzi kunali mphepo ndi fumbi, ndipo tinavutika kupeza manda a Nelio, chifukwa mizere yawonjezeka. Chikwangwani chake n'chachitsulo, anachiwotcherera anzake a kuntchito. Bambo Cornélio anavula chipewa n'kundipatsa kuti ndigwire. Anafunsa Privilege kuti mudzi wa Nelio unali uti. Privilege anati apongozi ake ankatchula kwa Mandevu, kufupi ndi Ulongwe wa ku Angónia. Iwo anati amakudziwa, kunali chigayo. Anaima mowongoka monga ankaimira pa maliro onse, natchula mudziwo mokweza, ngakhale kuti omva tinali atatu okha. Anathira dothi m'dzanja n'kuliwaza pamtumbira.

"Mwachedwa," anatero Privilege.

"Ndachedwa, mayi."

Privilege anagwada n'kusalaza dothilo ndi chikhatho kuti mphepo isaliulutse. Kenako anadzuka, nadzikuntha maondo, nati tiyeni, mayunifomu akudikira.

Pobwerera tinadzera pa manda a Mayi Eneles. Bambo Cornélio anazula udzu kumutu, Lucinda kumiyendo. Atamaliza anatseka botolo mwamphamvu n'kumupatsa. Anati lotsalalo ndi lawo, ndipo adzaponye ndi iye. Lucinda anawakumbutsa kuti m'sosaite mkazi saponya dothi. Anayankha kuti botolo limeneli si la sosaite. Anamuuzanso dzina la mudzi loti adzatchule, n'kumubwerezetsa mpaka atalitchula bwino, chifukwa lilime lake limakokera ku Chishona.

Lucinda anamaliza digiri yake mochedwa ndi chaka. Midzi yonse m'buku lake anaisintha mayina, ndipo anakangana ndi aphunzitsi ake pa nkhani ya mapu mpaka anamulola. Dzina lenileni m'bukumo ndi limodzi, la Nelio, pa tsamba loyamba. Tsiku lolandira digiri bambo ake anavala jekete ija, ndipo Privilege ndi amene anamufupikitsira mkanjo, poti unkakwekwereza pansi.

Akuphunzitsabe ku Glen Norah, ndipo nkhondo ya pamjigo sanaithetse. Bambo Cornélio anayambanso kupita kumanda pa maliro a sosaite. Amaima kumbuyo, Bambo Maliko akamatchula mudzi milomo yawo imayenda nawo. Akuluakulu akuwaitanabe kuti a kwa Chimkwita, chifukwa palibe wapeza dzina lina. Botolo lili pamwamba pa wodirobu, pamene pankakhala chitini.

Ndisanalembe izi ndinawafunsa Bambo Cornélio ngati ndisinthe mayina. Anali ndi timisomali kukamwa. Anatilavulira m'dzanja, n'kundiuza kuti zimenezo zinayesedwa kale.